Nyumba Yonse pa Kaliyala

M'chaka cha 2004, Ewan McGregor ndi Charley Boorman, anthu odziwika m'mafilimu a ku Britain, ananyamuka ku London pa njinga zamoto kulowera kum'mawa, ulendo wa ku New York kudzera ku Kazakhstan, Mongolia, Siberia ndi Alaska. Anakwera ma BMW R1150GS Adventure, njinga zikuluzikulu zodula, n'kuzisenzetsa mabokosi achitsulo uku ndi uku, zikwama pamwamba, zida zojambulira, zophikira ndi zina zosawerengeka. Atafika ku Mongolia, komwe msewu ndi mkwasa chabe wa matayala m'udzu ndi m'matope, zitsulo za kumbuyo zinayamba kung'aluka. Njinga ya Claudio von Planta, yemwe ankajambula ulendowo, inathyoka felemu, ndipo wowotcherera atailumikiza, magetsi a makina ake anaononga mabuleki. Anachita kumugulira kanjinga kofiira ka ku Russia, Izh Planeta, ka mtengo wozizira. M'matope momwe ma BMW aja ankagwa n'kumafuna anthu awiri kuti awadzutse, iko kankangodutsa.

Anthu ambiri akamakonzekera ulendo wa pa njinga yamoto wokagona m'tenti, amayamba ndi kudzifunsa kuti anyamule chiyani. Funsolo lilibe malire, chifukwa chinthu chilichonse m'nyumba chili ndi tsiku lake lomwe chingafunike. Ichi chakoma, ichi chakoma, mapeto ake tonse tikuwadziwa. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lina: kumene ndikupitako kulibe chiyani? Ameneyu ndiye muyeso wa katundu. Chimene chimagulitsidwa m'njira chisiyeni kunyumba, chimene simungachipeze m'njira ndicho choyenera malo pa kaliyala.

Taonani Theresa Wallach ndi Florence Blenkiron, amayi awiri a ku Britain omwe ananyamuka ku London mu Disembala 1934 n'kukafika ku Cape Town mu Julaye 1935. Njinga yawo, Panther ya 600cc, inali ndi kangolo kam'mbali komanso ngolo ina yokoka kumbuyo. Katundu anali wochititsa mantha, koma iwo anali ndi chifukwa: ankadutsa chipululu cha Sahara, komwe madzi ndi petulo unkayenera kusenza wekha kuchoka pa chitsime china kukafika pa chinzake. Kusiyana kwake ndi Alberto Granado ndi Ernesto Guevara, amene mu 1952 anaunjika miphika, mabulangete ndi tenti pa Norton ya 500cc yokalamba kale, m'dziko lomwe anthu ankawapatsa malo ogona ndi chakudya pafupifupi paliponse. Anagwa kangapo asanatuluke n'komwe mu Argentina, ndipo njingayo inakafera ku Chile, ulendo wotsalawo n'kuuyenda wopempha matola.

Tsono ndandanda zambiri za katundu zomwe zili pa intaneti zinalembedwa ndi anthu oganizira za Alaska, Patagonia kapena m'kati mwa Australia, komwe munthu amatha tsiku lonse osakumana ndi mnzake. Kuno si choncho. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, anthu 186 pa sikweya kilomita iliyonse. Yendani msewu wa M1 kuchoka ku Songwe mpaka ku Nsanje, kapena wa M5 m'mbali mwa nyanja kudzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay: simutha mphindi zambiri musanaone mjigo, golosale, chiwaya cha tchipisi kapena mthunzi wa mtengo pomwe pali wokonza njinga. Munthu wosenza mpunga, nyemba ndi malita 20 a madzi pa msewu wotere wasenza mantha a dziko la eni ake. Komabe pali zinthu zina zomwe m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono simungazipeze ngakhale muli ndi ndalama, ndipo kawirikawiri ndi zimene anthu amaiwala.

Tiyambe ndi njinga yeniyeniyo, poti nayonso ndi katundu. Ikagwa mumaidzutsa ndinu. Mu 2003 Lois Pryce anachoka ku Alaska kukafika kumapeto kwa Argentina pa Yamaha XT225, ndipo mu 2006 ananyamukanso ku London kupita ku Cape Town pa Yamaha ya 250cc. Nathan Millward mu 2009 anachoka ku Sydney kukafika ku London pa Honda CT110, kanjinga ka 105cc komwe ku Australia ankagawira makalata. Kunle Adeyanju wa ku Nigeria anachoka ku London mpaka ku Lagos mu 2022, podziwitsa anthu za poliyo, pa Honda ya 500cc. Palibe mwa anthuwa amene anasowa injini yaikulu. Kwa ife phindu la njinga yaing'ono ndi loposa pamenepo. Ma Bajaj Boxer, TVS, Lifan ndi anzawo omwe akabaza adzaza nawo m'misewu ali ndi zipangizo pa msika uliwonse, ndiponso amakaniko odziwa bawuti iliyonse ya njingazo. Ma Honda XL ndi Yamaha AG omwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akuyendera kwa zaka zambiri anadutsa kale njira zonse zomwe inu mukuziopa. Koma yerekezani kuti kachipangizo ka magetsi ka njinga ya ku Germany kafera ku Usisya. Mudikira kachokere ku Johannesburg.

Njinga iliyonse ili ndi malire a kulemera omwe analembedwa m'kabuku kake. BMW R1250GS Adventure imalemera makilogalamu 268 thanki ili yodzaza, ndipo siyenera kupitirira 485 pamodzi ndi zonse zomwe yasenza. Zotsala ndi 217. Chotsanipo thupi lanu, chipewa, jekete ndi nsapato, chotsaniponso mabokosi ndi zitsulo zowagwira, zomwe zimalemera zisanalowe kanthu, ndipo ngati mwakweza mnzanu mupeza kuti malo atha. Pa njinga za 125cc kapena 150cc, zomwe zimalemera cha m'ma 120, malire a katundu ndi wokwera amakhala cha m'ma 150. Wina anena kuti nanga akabaza amatha bwanji kusenza matumba atatu a chimanga. Amathadi, koma amapita kuchigayo kapena kumsika, ulendo wa makilomita ochepa, ndipo funsani kuti masipoko, tcheni ndi masipuling'i a kumbuyo amasintha kangati pachaka. Inu mukufuna kuyenda masiku otsatizana, m'mabampu, kutali ndi kwanu. Kwa munthu mmodzi, ine ndimaona kuti katundu yense wa msasa, zovala ndi zida sayenera kupitirira makilogalamu 20, ndipo amene wafika pa 15 wachita bwino.

Malo amene mwaika katunduyo ndi ofunika mofanana ndi kulemera kwake. Zolemera, monga zitsulo zokonzera njinga, madzi ndi mafuta, ziyenera kukhala pansi komanso pafupi ndi pakati pa njinga, kutsogolo kwa ekiselo ya tayala lakumbuyo. Zopepuka koma zotupa, monga thumba logonamo ndi zovala, ndizo zingakwere pamwamba. Mukaika zolemera kumapeto kwa kaliyala, kuseri kwa tayala, zimatukula kutsogolo: tayala lakutsogolo limayamba kuyandama, mahandulo amagwedezeka mukathamanga, ndipo pokhota njinga imakana kumvera. N'chifukwa chake bokosi lalikulu lija lokhala kumbuyo kwenikweni, lomwe limathandiza kwambiri m'tauni posunga chipewa, m'msewu wa fumbi ndilo limayamba kuthyola zitsulo. Mbali ziwiri zilingane kulemera. Kumsana kwanu kusakhale chikwama cholemera. Chimatopetsa mapewa, ndipo mukagwa zomwe zili m'katimo zimakubayani. Mukamaliza kumanga, onjezerani mpweya m'tayala lakumbuyo monga kabuku kanenera, limbitsani masipuling'i, ndipo muyese kulefuka kwa tcheni wina atakhalapo pa mpando, pakuti njinga ikatitimira tcheni imakungika. Nyali nayo imayamba kuloza kumwamba, kuthobwa anzanu m'maso m'malo mounikira msewu.

Pa za mabokosi achitsulo ndi zikwama za nsalu anthu okwera njinga sagwirizana, ndipo mkanganowo sudzatha. Mabokosi amakhomeka ndi loko, salowa madzi akakhala atsopano, ndipo pa msasa amasanduka mpando kapena tebulo. Elspeth Beard, amene anazungulira dziko lapansi pakati pa 1982 ndi 1984 pa BMW R60/6, anachita kudzipangira yekha mabokosi ake ali ku Sydney. Koma mumchenga, pamene munthu amatsitsa phazi kuti adzichirikize, bokosi limathamangira mwendo n'kuupanikiza pansi, ndipo akakolo ambiri athyokera pamenepo. Likaphwanyika pakugwa silitsekekanso bwino. Zikwama za nsalu yolimba, zokulunga kukamwa kuti madzi asalowe, n'zopepuka, n'zotsika mtengo, ndipo zikang'ambika telala wa pakhonde la sitolo amazisoka. Vuto lake n'loti mpeni umazitsegula. Kwa woyenda m'misewu yathu ya fumbi ine ndimasankha zikwama, ndalama ndi mapepala n'kukhala m'kachikwama ka pathanki komwe ndimanyamula ndikatsika. Amene alibe ndalama zogulira zikwama zapaderazo asadandaule: chikwama wamba chokhala ndi mapepala apulasitiki okhuthala m'kati chimagwira ntchito yomweyo.

Pomanga, akabaza ndiwo aphunzitsi. Mphira zodulidwa ku chubu chakale zimakoka mwamphamvu, sizimasuka m'mabampu, siziwononga chikwama, ndipo zikaduka mupeza zina pa msika wotsatira. Zingwe zotanuka zokhala ndi ngowe zachitsulo, zomwe zimaoneka zamakono, zimapulumuka n'kumenya m'maso. Choopsa kuposa zonse ndi nsonga yolendewera. Chingwe, mwendo wa thalauza kapena chitenje chikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko, tayala lakumbuyo limaima nthawi yomweyo njinga ili pa liwiro. Chachiwiri ndi paipi yotulutsa utsi, yomwe imasungunula chikwama mwakachetechete mpaka mutamva fungo la thumba lanu logonamo likupsa. Mukayenda makilomita 10 oyamba, imani mugwedeze katundu yense. Amakhala atakhazikika ndipo zingwe zalefuka.

Zida zokonzera njinga zili m'gulu la zinthu zomwe m'njira mulibe pa nthawi yomwe mukuzifuna. Tayala siliphwa pafupi ndi makaniko. Ngati matayala anu ali ndi machubu, nyamulani chubu chapadera, zigamba, guluu yemwe sanaume, zitsulo ziwiri kapena zitatu zotsegulira tayala, pampu ya manja, ndi masipanala okwana manati a mawilo anu enieniwo. Chubu chakutsogolo chimatha kulowa kumbuyo mongoyembekezera, choncho wofuna kuchepetsa katundu anganyamule chimodzi. Matayala opanda chubu amafuna timphira tobaya pabowo. Onjezeranipo pulagi, kebulo ya kilatchi, mafyuzi, loko ya tcheni, kabotolo ka oyilo, pulayala, waya ndi tepi. Njira yabwino yodziwira zida zofunika ndi kukonzera njingayo pakhomo pogwiritsa ntchito zokhazo zomwe mukufuna kunyamula: chimene mwachisowa chiwonjezereni, chimene simunachikhudze chisiyeni. Ndipo chotsani tayala n'kulibwezera kamodzi muli pabwalo panu, chifukwa kuphunzira ntchitoyi padzuwa la Okutobala ku Chikwawa n'kowawa.

Za mafuta n'zosachita kufunsa kwa aliyense amene anagonapo pa mzere wa petulo mu 2011 ndi 2012, kapena m'zaka zoyambira 2022. Njinga yaing'ono imatha kuyenda makilomita 35 kapena kuposerapo pa lita imodzi, pamene zikuluzikulu zija zimamwa kuwirikiza kawiri. Lita ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 750, kotero kachigubu ka malita asanu si katundu woopsa, koma kumbukirani kuti mafuta akasowa aboma amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo. Chizolowezi chabwino ndi kuthira paliponse pamene mwawapeza, ngakhale thanki ili pakati. Petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu amapulumutsa, ngakhale nthawi zina amakhala ndi zinyalala kapena wosakaniza ndi parafini. Kansalu kosefera kamakwana m'thumba la malaya.

Tifike pa nyumba yeniyeniyo. Tenti yabwino kwa wokwera njinga ndi yoima yokha ndi ndodo zake popanda zikhomo, chifukwa mudzagona pamchenga wa kunyanja pomwe chikhomo sichigwira, kapena pakhonde la simenti la sukulu pomwe sichilowa. Ikhale ya zigawo ziwiri: m'kati neti yosalola udzudzu, kunja chinsalu chotchinga mvula. M'nyengo yotentha ku Nkhotakota kapena ku Mangochi mumagona mu neti yokhayo mphepo ikudutsa. Tenti ya chigawo chimodzi imasanduka ng'anjo, ndipo m'mawa mpweya wanu womwe umakudontherani ngati mame. Tengani yolembedwa kuti ndi ya anthu awiri ngakhale muli nokha, kuti chipewa, jekete ndi zikwama zigone m'kati. Musanagule, yezani ndodo zake zikapindidwa, poti zina n'zazitali moti sizilowa m'chikwama chilichonse. Kalona kakang'ono koyala pansi kamateteza tenti ku minga, masana kamakhala mthunzi, ndipo tayala likaphwa mumayalapo manati kuti asasowe m'fumbi. Kunyanja, mwera ukayamba m'miyezi yozizira, tenti yosamangirira imauluka. Dzazani mchenga m'timatumba kapena mangirirani ku njinga.

Anthu ambiri amaononga ndalama pa thumba logonamo n'kuiwala choyala pansi, chonsecho nthaka ndiyo imaba kutentha kwa thupi kuposa mpweya. Matiresi opopa ndi ofewa ndipo amapindika pang'ono, koma dziko lathu ndi la minga, ndiye zigamba zake zisatsale. Siponji yopyapyala yokulunga siphulika, kungoti imatupa pa njinga. Za kuzizira musazipeputse poganiza kuti kuno ndi kotentha. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera. Nyanja ili pa mamita osakwana 500, pamene mapiri a Nyika ali pamwamba pa 2,000, ndipo mu Juni ndi Julaye udzu wa kumeneko umadzuka utayera ndi chisanu. Ku Chikangawa, ku Dedza ndi pa phiri la Zomba nako usiku sukhululuka, osanena za chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje. Msewu wa Gorodi wochoka ku Chitimba kukwera ku Livingstonia ndi wa makilomita pafupifupi 15 okha, wa makona akuthwa okwana 20, koma amene wanyamuka kunsi ali thukuta kamukamu amafika pamwamba akufuna juzi. Msewu womwewo ndi umene umaulula katundu womangidwa molakwika, chifukwa pa kona iliyonse mumakhota pang'onopang'ono pa miyala yoterereka, phompho lili pambali. Thumba la nthenga za mbalame limafunda kwambiri ndipo limapanikizika bwino, koma likanyowa latha ntchito. La ulusi wopanga ndi lotupa koma limapirira chinyezi. Kunyanja chitenje chimakwana.

Pa zophika ndi pomwe ndimasiyana kwambiri ndi alangizi a kunja. Woyenda m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena ku Tete safunika khitchini. M'mawa pali tiyi ndi mandasi, masana nsima ya usipa kapena chambo, kondowole ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero ku Karonga, madzulo kanyenya. Kudya m'njira kumapeputsa njinga, kumasiya ndalama m'manja mwa eni dera, ndiponso ndi pomwe mumamva kuti mlatho wa kutsogolo wakokoloka. Chofunika ndi kamphika kamodzi, kapu, sipuni, mpeni, machesi osungidwa pouma, ndi kamba wa tsiku limodzi amene saonongeka, monga mtedza, mabisiketi ndi nsomba za m'chitini. Ofuna kudziwiritsira madzi asankhe chitofu poganizira mafuta ake. Timabotolo ta gasi tomwe anthu a ku Ulaya amadalira n'tosowa kunja kwa mizinda ikuluikulu. Zitofu zoyaka ndi petulo, monga za MSR kapena Primus, zimamwa m'thanki ya njinga yomweyo, ngakhale zimachita mwaye ndipo zimafuna kutsukidwa. Za sipiriti, monga Trangia ya ku Sweden, n'zosavuta ndipo sizifa, kungoti zimachedwa. Chilichonse mwa izi chisayatsidwe m'tenti yotseka. Mpweya womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba ndi womwewo, ndipo sununkha. Moto wa nkhuni m'nkhalango za boma ngoletsedwa kupatula pamalo ololedwa, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa kamphepo kamodzi kamakwana kuyatsa phiri lonse.

Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho nyamulani malita atatu kapena anayi n'kumadzaza m'njira. Chofunika kwambiri ndi chowayeretsera: mankhwala a kolorini, sefa, kapena kuwawiritsa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unatikumbutsa kuti madzi ooneka oyera si onse abwino. M'kachikwama ka mankhwala mukhale mabandeji akuluakulu, mankhwala otsukira zilonda, opha ululu, ndi mapaketi a Thanzi, poti wokwera njinga amauma thupi osazindikira chifukwa mphepo imaumitsa thukuta. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, nthawi yomwe inu muli panja kumanga tenti ndi kucheza, ndiye malaya a manja aatali ndi mafuta othamangitsa udzudzu n'zofunika. Malungo saonekera tsiku lomwelo; amatenga sabata kapena kuposerapo. Thupi likatentha, kayezetseni pa chipatala chapafupi, ndipo ngati ndi malungo, mankhwala a LA alipo. A kwathu amene akhala zaka ku Britain kapena ku Cape Town adziwe kuti chitetezo chomwe anali nacho ali ana chinatha, ayenera kumwa mankhwala oteteza monga mlendo aliyense. Osambira m'nyanja, makamaka m'malo a bango ndi madzi odekha monga ku Cape Maclear, akumbukire likodzo, n'kukaonana ndi achipatala pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Zovala ndizo zimadzaza zikwama pachabe. Malaya atatu, thalauza limodzi losinthira, juzi ndi zam'kati zokwana masiku atatu zimakwana ulendo wa mwezi, pakuti sopo ndi dzuwa zili ponseponse. Nsalu za thonje zimachedwa kuuma, ndipo jinzi yonyowa mumayenda nayo masiku awiri. Zimene simuyenera kuumira ndi zovala pokwera: chipewa chophimba nkhope yonse ndi chibwano, jekete yokhala ndi zotetezera m'zigongono ndi m'mapewa, magolovesi, ndi nsapato zophimba akakolo. Kafukufuku anasonyeza kuti chipewa chimachepetsa imfa pa ngozi ndi 42 pa 100 alionse, ndipo kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100. Zipewa zabwino zimakhala ndi chizindikiro cha ECE 22.05 kapena 22.06, zopepuka zija zogulitsidwa pamodzi ndi njinga zambiri zimangothandiza kudutsa pa rodibuloko. Ku Chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo chiyeso chovula jekete chimakula. Yankho ndi jekete ya timabowo ndi kunyowetsa malaya a m'kati. Zovala za mvula zikhale pamwamba penipeni pa katundu.

Foni ndiyo mapu, tochi ndi chikwama cha ndalama, poti Airtel Money ndi Mpamba zafika m'midzi yambiri. Koperani mapu musananyamuke kuti azigwira ntchito popanda netiweki. Tracks4Africa ndi iOverlander zimasonyeza njira ndi malo ogona omwe ena anayesa kale. Mukalumikiza chotchajira ku batire ya njinga, chizizima injini ikazima, apo ayi m'mawa mudzuka batire itatha. Tochi yovala kumutu ndi yabwino kuposa ya m'manja. Owoloka malire asaiwale khadi la njinga, laisensi, chilolezo cholowetsa njinga mongoyembekezera, ndi inshuwalansi. Khadi lachikasu la COMESA limagwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique mumagula inshuwalansi yawo pa chipata, kaya ku Zobue kapena ku Calomue.

Chotsala ndi malo ogona, ndipo apa katundu sathandiza kwenikweni. Dzuwa kuno limalowa cha m'ma 6 koloko kapena isanakwane, mdima n'kugwa msangamsanga. Usiku msewu ndi wa ng'ombe, ngolo, njinga zakapalasa zopanda nyali ndi maenje osaoneka. Ikamakwana 4 koloko muzikhala mukudziwa pogona. M'mbali mwa nyanja, ku Chitimba, Nkhata Bay, Kande, Senga Bay ndi Cape Maclear, kuli malo ambiri olipira omwe amalola kumanga tenti, ndipo kuli madzi, chimbudzi ndi mlonda. M'nkhalango zambiri za nyama zoopsa njinga zamoto saziloleza. Ku Kruger n'zoletsedwa, ndipo wofuna kupita ku Liwonde kapena ku Majete afunsiretu. Pafupi ndi mtsinje yang'anani pansi: kanjira kotakata kochoka m'madzi kulowa m'udzu ndi ka mvuu, zomwe zimatuluka usiku kukadya, ndipo amene wamanga tenti pamenepo watseka njira yobwerera. M'khwawa louma musagonemo nyengo ya mvula, poti madzi amachokera kumapiri komwe inu simunaone mtambo. Pansi pa mvunguti pali mthunzi wabwino, koma zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo. Linthumbu likabwera palibe kukambirana, mumangosamuka, ngakhale phulusa lozunguliza tenti limathandiza. M'mawa kutumulani nsapato musanavale chifukwa cha zinkhanira.

Mabuku a ku Ulaya amalangiza kubisala: kudikira mdima, kupatuka mwakachetechete, kumanga tenti pomwe palibe angakuoneni, n'kuchoka kusanache. Ku Sweden ndi ku Norway lamulo limalola munthu kugona usiku umodzi kapena uwiri m'tchire la eni ake, kutali ndi nyumba, ngakhale kumenekonso kulowa ndi njinga yamoto m'thengo n'koletsedwa. Langizo lobisalali kuno ndi loopsa. Kulibe tchire lopanda mwini, ndipo mnyamata woweta mbuzi wakuonani kale musanazimitse injini. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu angapo anaphedwa pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Tsono taganizirani munthu wosadziwika, wovala zakuda ndi chipewa chobisa nkhope, wopezeka usiku kuseri kwa manda ali ndi tochi kumutu ndi chikwama cha madzi chokhala ndi kapaipi. Afotokoza bwanji?

Njira yake ndi yakale. Fikani kukuwala, zimitsani injini patali pang'ono, vulani chipewa ndi magalasi kuti nkhope ioneke, perekani moni, ndipo mufunse kwa amfumu. Mukafika musayambe ndi pempho, khalani pomwe akuonetsani, mulonjeredwe, munene kumene mwachokera ndi kumene mukupita, kenako muti, "Gogo chalo, kwandidera, ndimati ndipemphe pogoneka mutu usiku uno wokha." Kawirikawiri adzakuonetsani pabwalo lawo, pasukulu kapena patchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo ndinu mlendo wa mudzi wonse, njinga yanu ili ndi alonda ambiri kuposa loko iliyonse. Ana adzakuzungulirani mpaka tenti itaima, zimenezo zivomerezeni. Akakupatsani madzi osamba kapena nsima musakane ngakhale muli ndi zanu m'chikwama. Paketi ya shuga, mchere kapena sopo zogulidwa pa golosale yomaliza zimaperekedwa ndi manja awiri kwa mayi a pakhomopo, ndipo zimalandiridwa bwino kuposa ndalama yotulutsidwa pagulu. M'mawa tolani zinyalala zanu zonse, mutsanzike kwa amfumu musanalize injini, ndipo muwafunse za njira ya kutsogolo: ngati mtsinje ukuwolokeka, ndi mudzi umene mungakapezeko petulo.